Achimwene, kuno kulibe kabaza

Half Tree Hollow,
St Helena.

Okondedwa achimwene,

Moni wochuluka kuchokera pakati pa nyanja. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere lomwe likundikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti unyamata unapita. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku. Kaya inu ndi alamu kumeneko ku Johannesburg? Ana akukula bwanji?

Uthenga wanu ndinaulandira Lachiwiri usiku, ndipo ndinaseka ndekha ngati wozungulira mutu nditafika pa funso lija loti mukatsika ndege mudzapeza kabaza, kapena minibasi zakuno zimaima pati. Ndinayamba kuyankha pa WhatsApp koma ndinaona kuti chala chitopa nkhani isanathe. Ndiye landirani kalata, ngati kale lija tili kusekondale.

Kabaza kulibe, achimwene. Wopalasa njinga atanyamula munthu kuno akhoza kukomoka asanafike pakona yoyamba. Matola kulibe, oitanira kulibe, kondakitala wokukanikizani anayianayi pampando kulibenso. Anthu onse pachilumba pano ndi pafupifupi 4,400 basi, osakwana kudzaza ngakhale mbali imodzi ya bwalo la mpira la Bingu. Koma musanayambe kuganiza kuti ndiye muzidzangoyenda pansi, ndimvereni kaye, chifukwa nanenso mapu anandinamiza.

Ndisanabwere ndinayang'ana pa mapu n'kuona kachidutswa ka makilomita 16 mulitali ndi 8 mulifupi. Ndinati m'mtima: Likoma yemweyu, wangokulirapo kasanu ndi kawiri. Ku Likoma tinkachoka ku Mbamba kukafika ku Nkhwazi wapansi, thukuta pang'ono, basi. Chomwe mapu sanena n'chakuti St Helena ndi nsonga ya phiri lomwe linaphulika pansi pa nyanja n'kutumphukira kunja. Moto wake unazima kalekale, zaka pafupifupi 7 miliyoni zapitazo, choncho muwauze alamu agone tulo, palibe chiphalaphala chidzawathamangitse. Koma chiphalaphala chakalecho chinauma n'kusanduka matanthwe akuda ndi ofiirira, ndipo mvula ya zaka zonsezi yakhala ikukumba zigwa zakuya kuchokera pakati pa chilumba kutsikira kunyanja, ngati mizere ya m'munda wa paphiri. M'mphepete mwa nyanja pafupifupi monse ndi maphompho, ndiye msewu wozungulira chilumba motsata gombe kulibe. Ukafuna kuchoka m'chigwa china kupita m'chigwa choyandikana nacho, umayamba wakwera pamwamba kenako n'kutsikanso. Malo amene ukuwaona ndi maso, oti ukhoza kumuitana munthu n'kukumva, pagalimoto umazungulira mpaka kudabwa ngati sunasochere.

Tiyambe ndi kafikidwe. Kale kunkabwera sitima yapamadzi yotchedwa RMS St Helena, masiku 5 panyanja kuchokera ku Cape Town, ndipo inapuma ntchito mu February 2018. Akuluakulu akuno akamaikamba amachita ngati akukamba za wachibale amene anatisiya, monga momwe a ku Likoma ndi Chizumulu angadzaikambire Ilala. Ndege zonyamula anthu zinayamba kutera mu October 2017. Inu muli pabwino chifukwa zimanyamukira pakhomo panu pomwepo, pa OR Tambo, Loweruka, ndipo m'miyezi yotentha amawonjezerapo ina pakati pa sabata. Imaima ku Walvis Bay m'dziko la Namibia kumwetsa mafuta, kenako madzi okhaokha makilomita oposa 2,200. Ulendo wonse ndi maola 6 kapena kuposerapo pang'ono. Mukafika mubweze wotchi maola awiri.

Bwalo la ndege analimanga pamwamba pa phompho, ku Prosperous Bay Plain, atakwirira chigwa chathunthu ndi miyala kuti msewu wa ndege ukwane. Linadya ndalama za boma la Britain pafupifupi mapaundi 285 miliyoni, ndipo litatha mu 2016 anapeza kuti mphepo yowomba pamatanthwe imasinthasintha mwadzidzidzi n'kumagwedeza ndege ikamatera. Nyuzipepala za ku London zinaliseka kwambiri bwaloli. Lero likugwira ntchito, koma mphepo ndi nkhungu ndi zomwe zimalamula. Bwalo lina lapafupi lili pa chilumba cha Ascension, makilomita 1,300 kuchokera kuno, ndiye oyendetsa ndege sachita zoyerekeza: nyengo ikakana, ulendo umasunthidwa. Ine pobwera kuchokera kutchuthi ndinagona masiku awiri owonjezera ku Kempton Park, mukukumbuka, ndimwe munandibweretsera nsima usiku uja. Choncho musaike nkhani yofunika Lolemba lotsatira tsiku lobwerera. Musaiwalenso inshulansi yachipatala yolipira ndege yokutengani mutadwala kwambiri, amaifunsa polowa.

Pabwalo la ndege musayembekezere mzere wa matakisi. Aliyense amene waima panjapo wabwerera munthu wake amene anapangana naye kale. Inu ndidzakutengani ndekha, imeneyo isakuvuteni.

Tsopano nkhani ya galimoto, yomwe ndi mutu wa zonse. Mlendo kuno amayenda m'njira zinayi: galimoto yobwereka, takisi, basi, ndi miyendo yake. Pali yachisanu, boti, koma imeneyo ndi ya malo ochepa. Mwa zonsezi yomasula munthu ndi galimoto yobwereka. Vuto lake galimotozo n'zowerengeka. Makampani akuluakulu obwereketsa amene mumawaona pa OR Tambo kuno kulibe. Amabwereketsa ndi eni magalaja ndi mabanja amene ali ndi galimoto ziwiri zitatu zapadera, zambiri zakale ndithu koma zosamalidwa. December ikafika, ana akuno amene amagwira ntchito ku Britain, ku Ascension ndi ku Falklands amabwera kudzadya Khirisimasi ndi makolo, ndipo galimoto iliyonse yokhala ndi matayala anayi imakhala ndi mwini wake. Ndiye tsiku lomwe mugule tikiti, tsiku lomwelo mundiuze kuti ndikagwirire imodzi. Laisensi yanu ikwanira pa masiku ochepa amene mudzakhale. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu, apo palibe chachilendo.

Chachilendo ndi msewu wake. Mukukumbuka tsiku lija tinakwera Gorodi kupita ku Livingstonia, inu mutagwira chitseko kwinaku mukuimba nyimbo za m'buku? Tengani Gorodi, muikepo phula, mumuchepetse m'lifupi kuti muzidutsa galimoto imodzi, kenako mumufalitse chilumba chonse. Liwiro lololedwa silipitirira mamailosi 30 pa ola, omwe ndi makilomita 48, ndipo kunena zoona malo ofikitsa pamenepo ndi ochepa. Ine giya yachinayi ndimaiona mwa apo ndi apo ngati mlendo wochokera kutali. Lamulo lalikulu ndi limodzi: wotsika amapatsa njira wokwera. Ukamatsika maso amakhala patsogolo, ukangoona galimoto ikubwera mmunsi umafunafuna kamalo kotakasuka kamene anakasiya m'mbali, n'kudzipanikiza pamenepo mpaka mnzako adutse. Pakona yosaoneka kutsogolo umaliza hutala usanakhote. Kuno hutala si mwano, ndi odi.

Ine lamuloli ndinaliphunzira mochititsa manyazi. Sabata yanga yoyamba ndinkatsika msewu wa Ladder Hill, umene umachoka kuno kumtunda kulowa mu Jamestown, likulu la chilumba chino. Msewuwo anachita kuusema m'mbali mwa thanthwe. Mbali imodzi mwala wautali womangidwa ndi mawaya kuti miyala isagwere anthu, mbali inayo kakhoma kofika m'chiuno, kuseri kwake madenga a m'tauni akuoneka ngati mabokosi a machesi. Ndili pakati, lole yonyamula simenti inatulukira pakona. Ine ndi nzeru za pa Chipembere Highway ndinati ndilowe msanga adzaima yekha. Sanaime patali. Anafika mphuno ndi mphuno, n'kukoka handibuleki, n'kupinda manja pachiwongolero, osalankhula, osakwiya, akungondiyang'ana. Kumbuyo kwake kunaima galimoto zina zitatu. Ndinayenera kubwerera chammbuyo chokwera, mwendo ukunjenjemera pa kilatchi, galimoto inazima kawiri, fungo la chopsa lili thothotho m'kati monse. Nditalowa pa kamalo kopatukira, dalaivala wa lole uja anadutsa pang'onopang'ono n'kukweza dzanja. Achiwiri anakweza dzanja. Achitatu, gogo wachizimayi wa tsitsi loyera, anatsitsa galasi n'kundiuza mokoma mtima kuti ndizolowera. Mawa lake kuntchito aliyense anali atamva kale.

Kukweza dzanjako musakutenge mopepuka. Galimoto iliyonse imene mwakumana nayo mumaipatsa moni, kaya mukumudziwa mwini wake kaya ayi. Ena amangodzutsa chala chimodzi pachiwongolero, komabe moni waperekedwa. Tsiku lina mayi wa m'sitolo anandifunsa ngati ndinali kudwala Lamlungu, chifukwa ndinawadutsa ku Longwood osakweza dzanja. Nambala za galimoto kuno ndi manambala okha, zilembo palibe, ndipo anthu amaziloweza monga timalowezera mayina a ng'ombe za m'mudzi. Ukaima penapake ola limodzi, chilumba chonse chadziwa. Zinandikumbutsa kwa agogo ku Ntcheu, komwe kudutsa munthu panjira osapereka moni unali mlandu wokambidwa pabwalo madzulo. Inu a mu Joni amene mumakweza magalasi ndi kukhoma zitseko pa loboti iliyonse mudzavutika masiku oyamba. Kuno ambiri amatsika galimoto n'kusiya kiyi momwemo.

Langizo langa, ngakhale mudzati ndikukuchepetsani: tsiku loyamba ndi lachiwiri musagwire chiwongolero. Tidzapangana ndi mmodzi mwa madalaivala amene amayendetsa alendo, akuzungulitseni inu mutakhala pampando wa pambali, maso akuphunzira makona. Safunsa anadya phula. Komanso anthu amenewa ndi amene amadziwa nkhani. Adzakutengerani ku Longwood House, komwe Napoleon anakhala ali mkaidi wa Angerezi kuyambira 1815 mpaka imfa yake mu 1821. Nyumbayo ndi ya boma la France, mbendera yawo ili petupetu pabwalo. Manda ake ali m'kachigwa kabata kotchedwa Sane Valley, koma ndi opanda kanthu, mafupa anawatengera ku Paris mu 1840. Galimoto imakusiyani kumsewu, kotsalako mumatsika wapansi pa udzu, ndipo alamu asavale nsapato zazitali. Adzakupititsaninso ku Plantation House, kunyumba ya bwanamkubwa, mukaone Jonathan, fulu amene anabwera kuchokera ku Seychelles mu 1882 ali kale wamkulu. Akadali moyo, akudya udzu wake mosatekeseka. Ndikamuona ndimati mwina liwiro la chilumba chino anakhazikitsa ndi iyeyu.

Inu a Chingoni mufunsenso za Dinuzulu, mfumu ya Azulu, mwana wa Cetshwayo, amene Angerezi anamuthamangitsira kuno mu 1890 n'kukhala zaka 7. Pambuyo pake anabweretsanso akaidi a nkhondo a Chibunu pafupifupi 6,000 pakati pa 1900 ndi 1902. Chilumba chino ntchito yake yakale inali yotsekera anthu, ndipo ukayang'ana maphomphowo umamvetsa chifukwa chake sankavutika ndi mpanda.

Matakisi alipo, koma sayendayenda kufuna anthu. Ena amaima m'tauni masana, ena umachita kuwaimbira foni kunyumba. Mita alibe, ndiye mtengo mumvane musanakwere, ndipo ngati mukufuna kudzatengedwa usiku munene nthawi idakalipo, chifukwa dalaivala yemweyo mwina ndi msodzi kapena woimba ku tchalitchi. Mabasi nawo alipo, ang'onoang'ono, oyera bwino, onyamuka pa nthawi yake ngakhale muli anthu awiri. Tsiku loyamba kuona basi ikunyamuka yosadzaza ndinamva chisoni ngati ndalamazo n'zanga. Koma ndondomeko yake anaipangira anthu apantchito ndi okagula zinthu: mmawa kutsikira ku Jamestown, madzulo kubwerera kumtunda. Mlendo amafuna zosiyana, kuchoka m'tauni mmawa kupita kumapiri, ndiye basi imakhala ikupita kumene iye akuchokera. Lamlungu musaidalire n'komwe. Kwerani kamodzi kuti mumve Chingerezi chakuno, chothamanga ndi chomeza mawu moti miyezi iwiri yoyamba ndinkangovomera ndi mutu.

Ukamayenda pansi m'mbali mwa msewu, kawirikawiri wina amaima n'kukufunsa kumene ukupita. Sindikuwerengera ngati njira ya kayendedwe, koma zimachitika. Ine anandinyamulapo bambo wina kumbuyo kwa pikapu, ndinakhala moyandikana ndi nsomba ya tuna yotalika ngati mwana wa sitandade 3. Nditatulutsa ndalama potsika anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Za bondo lija. Pakati pa Jamestown ndi kumtunda kuno pali makwerero otchedwa Jacob's Ladder, dzina lochokera pa maloto a Yakobo a m'Baibulo. Masitepe 699, owongoka ngati chingwe, kukwera mamita pafupifupi 180. Anawamanga mu 1829 ngati njanji yokokera ngolo, abulu akuzungulira pamwamba kupota chingwe, manyowa a m'tauni akukwera kupita kuminda, zokolola zikutsika. Chiswe chitadya matabwa ake anachotsa njanji mu 1871 n'kusiya masitepe. Chiswe, achimwene, mpaka kuno! Sitepe iliyonse ndi yaitali kuposa ya m'nyumba, ndipo ukafika pakati n'kucheuka, mutu umazungulira. Ana akuno amatsika chotsetsereka, msana pa chitsulo china, mapazi pa chinzake, m'kanthawi kochepa ali pansi. Ine ndinadzitama kuti ndinakwerapo Sapitwa, ndiye ndinayamba kukwera tsiku lililonse poweruka. Sabata zitatu zokha bondo linandiuza kuti Sapitwa uja ndinamukwera ndili ndi zaka 24. Mudzakwere kamodzi, mmawa dzuwa lisanawawe, mukatenge satifiketi ku nyumba yosungirako zakale yomwe ili patsinde pake, alamu akujambuleni. Kubwereza n'kufuna kwanu.

Komabe malo okongola kwenikweni galimoto sifikako. Pali tinjira 21 tomwe amatitcha Post Box Walks, chifukwa kumapeto kwa kalikonse kuli kabokosi kokhala ndi buku losainamo ndi chidindo. Kosavuta kukonda ndi ka ku Diana's Peak, nsonga yaitali kuposa zonse, mamita opitirira pang'ono 800. Kumeneko ndi dziko lina. Kuno ku Half Tree Hollow ndi kouma, miyala ndi minga ngati ku Chikwawa mu October, koma ukayenda mphindi 15 pagalimoto uli m'nkhungu, mitengo ikudontha madzi, kuzizira ngati pa Ku Chawe. Juzi isamachoke m'galimoto. M'mapiri monsemo mwadzaza chomera chonga khonje chomwe amachitcha flax. Chinali chuma cha chilumba, ankapangira zingwe, mpaka msika wake unagwa m'ma 1960. Lero chimangomera chokha n'kumatchinga makona, ndiye nkhungu ikagwa muyatse nyale, hutala pafupipafupi.

Tsiku lina tidzatsikira ku Sandy Bay, kumwera, komwe kunali pakamwa pa phiri lophulika lija. Kuchoka ku Jamestown zinanditengera mphindi zoposa 40, pa mtunda womwe pa M1 ukanatha nyimbo ziwiri zisanathe. Mumatsika ndi giya yoyamba kapena yachiwiri. Mukadalira mabuleki okha adzatentha musanafike. Mumayamba m'nthochi ndi m'minda ya khofi, n'kuthera m'dothi lofiira, lachikasu ndi lofiirira lopanda ndi udzu womwe, pomwe paima miyala iwiri italiitali yotchedwa Lot ndi Lot's Wife. Ndi chiphalaphala chomwe chinaumira m'mitsempha ya phiri, dothi lozungulira linakokoloka, iyo n'kutsala chilili. Mchenga wake ndi wakuda. Osasambira kumeneko, madzi ake amakoka. Tinjira tina ta mbali imeneyo timadutsa m'mbali mwa maphompho pa miyala yogumuka, ndipo toterowo sitipita popanda munthu wakuno wotitsogolera. Foni nayo imataya netiweki m'zigwa. Mafoni a m'manja anafika kuno mu 2015 momwemu.

Pali msewu umodzi umene ndikufuna tidzayende mwakachetechete, wochokera ku chigwa cha Rupert's kukwera kupita ku bwalo la ndege. Ndi watsopano, wotakasuka kuposa ina yonse, anaumanga kuti azinyamulirapo zipangizo zomangira bwalolo. Pokonza malo ake mu 2008 anafukula mafupa a anthu 325. Kuyambira 1840, sitima zankhondo za Britain zikagwira sitima zonyamula akapolo panyanja ya Atlantic, anthuwo ankawatsitsira m'chigwa chimenechi. Anafika oposa 25,000, ambiri ochokera kugombe la Angola ndi Congo, ndipo pafupifupi 8,000 anafera pomwepo ndi matenda ndi kufooka, ochuluka anali ana. Mafupa aja anakhala m'mabokosi zaka 14 mpaka anawaikanso m'manda mu August 2022. Ine ndikamadutsa pamenepo ndimazimitsa wailesi.

Boti tidzakwera kamodzi kapena kawiri. Mukabwera pakati pa January ndi March mudzapeza zinsomba zikuluzikulu zotchedwa whale shark, zazitali kuposa minibasi koma zofatsa ngati ng'ombe yokoka ngolo. Maboti amapitanso ku Lemon Valley, komwe msewu kulibe. Chokhacho muwachenjeze alamu za pokwerera. Padoko la Jamestown pali masitepe otsikira m'madzi, pamwamba pake pakulendewera zingwe. Funde limakweza boti n'kulitsitsa, ndiye umagwira chingwe, n'kudikira woyendetsa akuuze, n'kuponda boti lili pamwamba. Ukazengereza umatsala ukulendewera. Amene anatsikapo Ilala pa Likoma ndi thumba la ufa pamutu sangaope zimenezi, koma chitenje amange cholimba.

Zing'onozing'ono ndizithamangire. Ndalama ndi paundi yakuno, yofanana mphamvu ndi ya ku Britain, ndipo ya ku Britain amalandira. Munyamule ndalama zogwirika chifukwa takisi ndi basi sizidziwa khadi. Malo omwetsera petulo ndi owerengeka ndipo satsegula usiku, ndiye thanki ikafika theka mwetsani. Masitolo ambiri amatseka Lachitatu masana ndi Lamlungu. Uchi musanyamule, amalanda pabwalo la ndege poteteza njuchi zakuno ku matenda, chimodzimodzi zipatso ndi mbewu.

Ngati pali wina wochokera kumudzi amene wakusiyirani tiyi wa ku Thyolo, mundigawireko paketi imodzi. Nsomba ndiye musavutike, kuno ndi ndiwo ya tsiku lililonse, ngakhale sindinapeze yofika pa chambo. Munditumizire tsiku la tikiti msanga ndikalankhule ndi mwini galimoto. Ndimufunse yokhala ndi magiya kapena yosintha yokha? Kwa ine tengani yosintha yokha, kilatchi ya munthu ndinaipsereza kale imodzi.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa pa benchi imodzi uja.